Uinjiniya wanga watsekeredwa m'sutikesi ku Mlangeni

Anthu inu, bambo wina pa Ntcheu Boma wandisandutsa namwino ine osadziwa. Ine Tiyamike, amene ndikangoona magazi a chala ndimayamba chizungulire.

Nkhani yake ili chonchi. Fomu 4 ndinakhoza bwino, masamu ndi fizikisi ndinachita kuseweretsa. Chimene ndikufuna ku yunivesite ndi chimodzi: uinjiniya wa misewu ndi milatho. Amene munaonapo lole ya kabichi itatitimira m'matope kwathu ku Biriwiri, kabichi n'kumaolera pomwepo, mukudziwa chifukwa chake. Koma masiku ano malo amafunsira pa intaneti, ndipo kafoni kanga n'ka mabatani. Ndiye Lolemba m'mawa ndinapita ku Boma, ku kashopu kena kamene amalembera anthu zinthu pa kompyuta. Eni ake amadzitcha Pulofesa. Dzina lenileni sinditchula, akudzidziwa.

Ndinawapatsa mapepala, ndinawauza maphunziro amene ndikufuna. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Akuti netiweki yavuta, ndisiye zonse, ndibwere mawa. Koma polandira ndalama netiweki sinavute ayi.

Lachiwiri masana anandipatsa pepala akumwetulira ngati andigulira nsapato. Kuwerenga: choyamba, unamwino. Chachiwiri, uzamba. Chachitatu, maphunziro a zakudya. Uinjiniya ngakhale fungo lake.

"Ankolo, izi n'za ndani?"

"N'zako. Ndakukonzera. Ana a masiku ano kuthokoza kunakudutsani."

Akuti uinjiniya ngwa amuna. Akuti mtsikana wovala jombo, wokhalira kutchire ndi akapitawo, angamufunsire ndani. Akuti manja anga ngofewa. Manja amene akhala akukumba kachewere kuyambira ndili Sitandade 3! Kodi ine ndinabwera kudzafunsira sukulu kapena kudzafuna mwamuna? Kodi mukatuma munthu mchere, iye n'kubweretsa shuga poti ndiye wotsekemera, mumathokoza?

Ndinakweza mawu mpaka ogulitsa chipisi panja anasiya mafuta pamoto kudzasuzumira. Apo mpamene a Pulofesa anafewa. Akuti zosintha zimatheka mpaka Lachisanu, tsiku lotseka. Kungoti polowa pamafunika nambala yachinsinsi imene imabwera pa foni. Ndinatulutsa kafoni kanga. Kudikira, zii. Kudikiranso, zii.

Kumeneko ndiye kunatuluka chachiwiri. Pa fomu sanalembe nambala yanga. Akuti ana timataya mafoni, ndiye ana onse amawalembera nambala imodzi, ya akazi awo.

"Chabwino, aitaneni mayiwo."

A Pulofesa anayamba kupukuta kompyuta yoyera kale. Kenako motsitsa mawu akuti mayi anyamuka m'mawa womwewo kupita kwawo ku Mlangeni, ndi katundu yense. Anayambana. Foni yatsekedwa.

Lachitatu ndinakwera minibasi, n'kutsika, n'kukwera kabaza, kufunsafunsa mpaka ndinawapeza mayi aja pakhonde akusenda nyemba. Ndisaname, anandilandira bwino. Ndisanatsegule pakamwa anati, "Nawenso ndi wa kompyuta? Khala apo, anzako awiri achoka posachedwapa."

Anandifotokozera zawo. A Pulofesa anagulitsa makina awo osokera osawauza, n'kuwagulira mbale zagalasi zoika m'kabati. Akuti mkazi wa Pulofesa sasoka zigamba za anthu.

"Ndiye pobwera nazo anati chiyani?" ndinafunsa.

"Anati ndakukonzera. Mwanawe, iwe wakusankhira tsiku limodzi ndipo ukulira. Ine chikwatiwireni ngakhale chitenje sindinasankhepo ndekha."

Tinaseka mpaka misozi, koma yanga inali yeniyeni. Ndinapempha foni. Foni alibe. Amalume awo, amene ndi ankhoswe a banjalo, anailanda n'kuitsekera m'sutikesi kuti bambo aja asawanyengerere ndi timawu tapafoni. Idzatuluka tsiku limene mwamuna adzafike ndi ankhoswe ake kudzapepesa.

Ndinapita kwa amalumewo kudimba. Ndinagwada, ndinafotokoza za yunivesite, za Lachisanu, za milatho. Anamvetsera bwinobwino, khasu lili paphewa.

"Wamva kuwawa, mwana wanga, ndaona. Koma za banja sitilowetsamo ana. Kuthamanga si kufika."

Agogo, pa intaneti kuthamanga ndiye kufika kumene!

Lero Lachinayi ndabwereranso kushopu. Ndawauza a Pulofesa zonse. Yankho lawo? Akuti mwamuna sapepesa, mkazi akatopa amabwera yekha. Akutinso ndisadandaule, yunifolomu yoyera idzandikhala.

Ndakwiya, ndipo ndili ndi mantha. Mawa likapita, ndiye kuti kapena ndikaphunzire zimene sindikuzifuna, kapena ndikhale chaka china pakhomo ndikupalira kabichi anzanga ali m'kalasi. Mayi anga anavutika kuti ndifike pano. Zonsezo zithere m'sutikesi ya munthu amene sadziwa n'komwe kuti yunivesite ili mbali iti?

Anzanga amene simunalembetse, mverani. Mukapita ku timashopu timeneti, imani kumbuyo kwa wolembayo, maso pa kompyuta. Nambala ikhale yanu. Akati netiweki yavuta, nyamulani mapepala anu muzipita. Ndipo funsani kaye ngati kunyumba kwawo kuli mtendere.

Inu a Pulofesa, mawa m'mawa ndikudikirani pa depoti. Valani jekete, tengani ankhoswe anu, tikagwade ku Mlangeni. Mukakana, chabwino, ndikaphunzira unamwino wanuwo. Koma munthu amadwala. Tsiku lina mudzafika pachipatala, mudzapeza ine nditagwira jekeseni, maso nditatsinzina poopa magazi. Ndipo pobaya ndidzakusankhirani ndine.