Chitini cha Nyimbo za Mjeremani

Anabwera Lachiwiri m'mawa, mu Febuluwale, chaka chachiwiri cha nkhondo ya Azungu. Ndinali pamwamba kufolera kachalichi kathu ka ku Ndamera pamene asilikali awiri anaima pansi pa makwerero.

"Woliza limba kuno ndiwe? Tsika. Utenge mapepala onse a Mjeremani uja."

Mjeremaniyo anali mphunzitsi wanga. Anafika pa sitima ya mu Shire nkhondo isanaganizidwe n'komwe, ali ndi limba la m'bokosi lopopa ndi mapazi. Kwawo ankapeka nyimbo za m'tchalitchi ndi kuphunzitsa kuimba. Kulalikira sankakutha, ndipo Chimang'anja chake chinkaseketsa amayi. Koma akamva valimba ikulira kumudzi, ankavula chipewa, n'kukhala pafumbi, n'kumalemba. Tsiku loyamba limene anatigawa ife oimba m'magulu anayi, gulu lililonse ndi mawu ake, ndinasiya kuimba pakati pa nyimbo chifukwa cha mantha. Sindinkadziwa kuti anthu angaimbe zosiyana chotero n'kutuluka chinthu chimodzi.

Nkhondo itayamba aboma anamutenga. Pokwera sitima anandisiyira chitini cha nyimbo zake nati, "Usazisunge chabe. Uziziimba."

Kuboma ndinafunsidwa masiku atatu. Mzungu wofunsayo anayala mapepala patebulo, womasulira ataima pambali.

"Kuti ndi nyimbo ndikudziwa," anatero. "Nanga mayina ali pansiwa? Nyachikadza. Dambo la Njovu. Mjeremaniyu walemberanji malo onse amene sitima zathu zimadutsa?"

"Ndi kumene anazimva nyimbozo, bwana. Iyi ndi ya asodzi, iyi ndi ya maliro."

"Mzungu angayende mtunda wonsewo kuti akamve asodzi?"

Ndinati inde. Yankho limeneli silinawakomere. Za chikoti sindilemba zambiri. Zala ziwiri za dzanja langa lamanja sizipinda mpaka lero.

Mlandu sunazengedwe. Anandiika m'gulu la akaidi odula nkhuni za sitima m'mbali mwa mtsinje, awiriawiri pa unyolo. Mnzanga wa pa unyolo anali bambo wachisena wochokera kutsidya, amene anathawa ntchito ya tengatenga. Anali ndi mawu akuya ngati mvuu. Tsiku lina pomanga mitolo ndinkang'ung'udza nyimbo ya maliro ija, monga anaikonzera mphunzitsi wanga. Bamboyo anaika nkhwangwa pansi.

"Mbuya, imeneyo ndi yakwathu. Koma mukuipititsa kuti?"

"Inu gwirani pansipo, musasunthe," ndinatero. "Ine ndidutsa pamwamba."

Zinatitengera miyezi iwiri. Ndinkaphunzitsa akaidi anzanga monong'ona, gulu lililonse palokha, pa mzere wa madzi ndi ponyamula mitolo. Malungo anatichotsera anthu atatu, mmodzi wa iwo ndiye ankatsogolera mawu apamwamba, ndipo tinayambiranso ndi wina.

Linali Loweruka masana mu Juni, kukuwomba kamphepo, pamene tinaiimba tonse koyamba. Sitinapangane. Bambo uja anayamba pansi, ena n'kulowa, ndipo gulu lachinayi litalowa tsitsi langa linaima. Anthu ovala masaka, a zilonda m'miyendo, ankatulutsa chinthu chimene ngakhale m'tchalitchi sindinachimvepo. Nyimbo inali ya makolo athu, koma munthu wakutali uja anaitsegula ngati nyumba, n'kutionetsa zipinda zimene sitinkadziwa kuti zilimo. Opalasa mwadiya pamtsinje anaimitsa nkhafi.

Msilikali wotiyang'anira, yemwe anandimenya kuboma, anabwera chikoti chili m'manja. Tinasiya kuimba. Anatiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi anga anaikidwa ndi nyimbo imeneyo," anatero. "Bwerezani."

Tinabwereza. Iye anatembenukira kumtsinje mpaka tinamaliza. Lolemba anatimenya monga mwa masiku onse.

Ananditulutsa mvula yoyamba itagwa, popanda kundiuza chifukwa. Nditafunsa za chitini, kalaliki anati mapepala anatumizidwa kumtunda. Sindinawaonenso. Za mphunzitsi wanga ndinamva mphekesera ziwiri: kuti anafera kumalo kumene ankasungira Ajeremani, ndi kuti anabwerera kwawo. Sindidziwa yoona. Mnzanga wa pa unyolo ndinamusiya komweko. Pamene ankandimasula, iye anangothokoza m'Chisena nati, "Takhuta, mbuya," n'kutola nkhwangwa yake.

Ndinayenda wapansi masiku awiri kubwerera kwathu. Panjira ndinkaima kawirikawiri kudikira kuti wina andiuze kuti ndipitirize, kenako n'kukumbukira kuti palibe wondiuza. Ufulu ndinauzolowera pang'onopang'ono, ngati munthu wochira. Anthu amandifunsa ngati ndili ndi mkwiyo. Ulipo ndithu. Koma ndikafuna kukumbukira tsiku limene ndinali mfulu koposa m'moyo wanga, mtima sundipititsa pa chipata chimene ndinatulukira. Umandibwezera pa mulu wa nkhuni paja, unyolo uli kumwendo.