Masiku asanu ndi atatu kumanda a ku Chilomoni

Mkazi wanga ankapemphera kolona ngati mayi wophika uku akusesa. Pakati pa Tikuoneni Maria mmodzi ndi mnzake ankatha kundifunsa ngati ndatseka mpopi, kukalipira mwana, kunena mawu awiri atatu okhudza mayi woyandikana nafe, kenako n'kubwerera pamkanda womwe anasiyira osaphonya. Ine ndinkayamba ndi mtima wonse, n'kuwodzera pa chigawo chachitatu.

Ali m'chipatala, atatsala pang'ono kutisiya, anandiuza osaseka: "Bambo a ana, ine kumwamba sindikalowa tsiku lomwelo. Pakamwa pangapa mukupadziwa. Ndikaima kaye ku Purigatoriyo, ndiye inu musawodzere. Mudzanditulutse."

Chaka chomwecho, Novembala atayandikira, bambo mfumu analalikira za indulijensi, kukhululukidwa kwa zilango zimene mzimu watsala nazo. Anati aliyense wopita kumanda m'masiku asanu ndi atatu oyamba a mweziwo n'kupempherera akufa atha kumasula mzimu umodzi patsiku, bola akhale atalapa, atalandira Ukalistia, ndipo mumtima mwake musakhale kachimo ngakhale kakang'ono kamene akukakonda. Tsiku limodzi likanakwana. Koma poti mkaziyo ndinkamudziwa, ndinati ndimupatse onse asanu ndi atatu.

Chimene bambo mfumu sananene, mwina poti anali wochokera kunja, n'chakuti kwathu kuno munthu salowa kumanda yekha popanda maliro. Ine ndinkadziwa, koma ndinaganiza kuti kolona andiikira umboni. Masiku awiri ndinapita m'mawa ndikatuluka Misa, ndisanakwere minibasi ya kuntchito, osakumana ndi munthu. Tsiku lachitatu ndinagwada pamanda a mayi a ana angawo, maso ali chitsekere, ndipo nditatsegula ndinaona mapazi a anthu anayi ndi makasu. Anali adzukulu, okumba manda. Zaka zimenezo maliro ankachitika tsiku ndi tsiku, moti adzukulu ankangokhala ngati alembedwa ntchito.

"Madala, mukutola chiyani apa?" anafunsa wamkulu wawo, bambo wamfupi wonunkha kachasu wa dzulo.

"Ndikupempherera mkazi wanga."

"Kutchalitchi kwadzaza? Kapena ndi matipate omwewa, aliyense azingolowa pomwe wafuna?"

Ndinawafotokozera za Purigatoriyo modekha, monga ndinaphunzirira pa katekisimu. Wina wamtali, wa mpingo umene suvomereza zimenezi, anaseka mpaka kutsamira pa khasu.

"Ndiye kuti akazi anu ali pa limandi, inu mwabwera kudzawapatsa belo?"

"Mfiti zonse zimatero," anatero wamkulu uja. "Iwe, taona m'matumba mwawo ngati mulibe dothi."

Anandipisa m'matumba, n'kupeza mpango ndi buku la mapemphero. Ine sindikwiya msanga, ana anga angachitire umboni. Koma tsiku limenelo mawu amene anatuluka m'kamwa mwanga anali a mkazi wanga enieni, ndipo ndinawanena nditaima pamutu pake, kolona ali m'manja. Choipa kwambiri n'chakuti anandikomera. M'minibasi monse ndinkawabwereza mumtima n'kumawonjezera ena abwino kuposa oyamba. Indulijensi ya tsikulo inathera pomwepo, ndipo ndinayamba kukayika ngati za masiku awiri aja zinafika, poti mayi woyandikana nafe uja ndinali ndisanamukhululukire chifukwa chofika pamaliro atavala chitenje cha chipani.

Madzulo ndinakalapa. Bambo mfumu anakhosomola nthawi yaitali kuseri kwa nsalu, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti sichinali chifuwa. Anati ndikapepese.

Mawa lake ndinawapeza adzukulu akukumba manda ena. Ndinapepesa. Wamkulu uja anandiyang'ana kuyambira ku tayi mpaka ku nsapato.

"Lamulo ndi limodzi, madala. Wolowa muno popanda maliro ndi mfiti. Wolowa ndi khasu ndi mdzukulu. Sankhani."

Ndinapempha tchuthi ku ofesi, ndinavula tayi. Dothi la ku Chilomoni mvula isanagwe ndi mwala weniweni, ndipo manja a kalaliki anatuluka matuza ola loyamba lisanathe. Ankandinena kuti ndimakumba ngati ndikusaina kalata. Dzenje likafika m'chiuno ankandilola kupita pamanda a mayi.

Vuto linabwera tsiku lachisanu. Wamkulu uja ananditsatira, chipewa chili m'manja.

"Madala, mwati mzimu umodzi patsiku? Mayi anga anali a mpingo wanu womwewu. Ankaphika kachasu."

Ndinawapatsa tsikulo. Lachisanu ndi chimodzi linapita kwa mchimwene wa mdzukulu wina. Lachisanu ndi chiwiri anabwera wamtali uja, wa belo, akuyang'ana kumbali.

"Ife zimenezi sitikhulupirira," anatero. "Koma bambo anga anali munthu wovuta. Mungowatchulako, mwina mwake."

Mkazi wanga anatsala ndi tsiku limodzi, lomaliza. Ndinkamumva m'makutu: ndakutumani kudzatulutsa ine, inu mwatsegula geti ya tauni yonse.

Tsikulo tinakumba manda awiri, ena a mwana. Pomwe ndinkagwada pamanda a mayi dzuwa linali pamutu, msana ukuwawa, mikanda ikuterereka m'matuza. Ndinafufuza mumtima ngati muli munthu amene ndamusungira kanthu. Ndinayesa mayi wa chitenje cha chipani, ndinayesa wondipisa m'matumba. Mphamvu zokwiyira panalibe. Ndinapemphera zigawo zonse zisanu osawodzera, mwina koyamba chikwatirire, adzukulu anayi ataima kumbuyo kwanga zipewa zili m'manja.

Nditamaliza, wamtali uja anafunsa motsitsa mawu: "Ndiye atuluka?"

"Ngati sanayambane ndi mlonda wapakhomo," ndinayankha.

Kuyambira pamenepo ndimamupemphererabe, koma osati mwa mantha. Khasu lija ndinapitiriza kuligwira Loweruka lililonse mpaka msana utakana.