Thalakitala ya bambo yalima nazale ya amayi

Mwaswera bwanji nonse?

M'mawa uno bambo anamangirira makina ophwanya zibuma, obwereka kwa amalume ku Msakambewa, kumbuyo kwa thalakitala yawo yokalamba ija, n'kutsikira nayo kudimba. Poyamba zinayenda bwino, dothi kufewa ngati ufa. Atafika kumapeto anaponda kilatchi kuti aime, koma makinawo ankazungulirabe, n'kuikankha thalakitala mpaka mu nazale ya tomato ya amayi.

Bambo ali pampando amvekere, "Ima iwe, ima!" ngati akuuza ng'ombe yapangolo.

Palibe wavulala, koma mbande zatsala za m'mphepete zokha. Amayi anangoyang'ana n'kunena kuti, "Mwalima bwino, abambo a Chisomo. Nanga tiwokeramo chiyani?"

Mawa akuti abwererako kukamalizitsa. Achimwene a ku Lilongwe, inu amakumverani. Tiwalole, kapena tibise dizilo?