Alamu ankawotcherera atatsinzina

Alamu anga, amuna awo a achemwali, anthu a mumsewu wathu amawatchula kuti a Tsinzina, ndipo iwo amavomera ndithu. Dzinali silinachokere kutali. Kuyambira unyamata wawo ankawotcherera zitsulo pakhonde la sitolo ina yakale, moyang'anana ndi pokwerera basi: mageti, zitsulo za m'mawindo, mabedi, ngakhale njinga yothyoka. Chisoti chotchinga kumaso sankavala. Ankaloza rodi, kamtengo kachitsulo kowotcherera, pamene akufuna kulumikiza, n'kutsinzina, n'kupotolera nkhope kumbali ngati munthu amene akubayidwa jakisoni, moto n'kuthetheka. Akatsegula maso ankagogoda nkhanambo ya pamsoko ndi kanyundo kuti aone ngati chagwira.

Kugwira chinkagwira, tisanamizane. Geti la alamu silinagwerepo munthu. Koma kuwala kwa rodi n'kwaliwiro kuposa chikope, kumakupeza usanatseke. M'mawa ndikadzera kwawo popita kuntchito ndinkawapeza ali chagada pampando, maso ali psuu, misozi ikungoyenderera, achemwali atawafunditsa kansalu konyowa kumaso. Kansaluko kanali ndi msomali wakewake kuseri kwa chitseko, ndipo mwana akangokapukutira mbale ankaziona.

"Mwangolowa mchenga, pofika masana ukhala utachoka," iwo ankatero.

"Alamu, mchenga wake uti wolowa tsiku ndi tsiku? Kodi mumagona kudambo?"

"Inu ntchito yanu ndi yapamthunzi, musatiphunzitse ife."

Achemwali anawagulirapo chisoti. Iwo anachiyesa kamodzi, n'kunena kuti m'menemo muli mdima ngati m'thumba, ndipo chinathera posungiramo mabawuti.

Nthabwala zinatha tsiku limene mwana wawo wamkazi anawabayibitsa ali tsidya lina la msewu, iwo n'kumufunsa mnzawo kuti mayi akukupiza dzanjayo ndi ndani. Kuchipatala adokotala sanazungulire. Diso lamanzere linali litachita kale chifunga, lamanja linkatsatira. Anawauza kuti maso alibe supeya: asiye ntchitoyo, apo ayi aziigwira ngati mmene iyenera kugwiridwira. Kusiya kunali kosatheka, chifukwa manja amenewo sadziwa china. Kunali kampani ina yopanga mathanki a madzi imene anthu ake amagwira ntchito m'kati mwa shedi atavala zodzitetezera zonse, koma inkalemba okhawo a satifiketi. Ndi mmene alamu, imvi zili mbuu m'mutu, anakalembetsera kukoleji ya ntchito zamanja kuti akaphunzire kuwotcherera.

Anzawo a m'kalasi anali amsinkhu wa ana awo, ndipo ankawaitana kuti madala. Tsiku loyamba anabwerako akuyenda monyang'wa mu ovololo yatsopano. "Tiana timeneti sitidziwa n'komwe kuyatsa rodi," anandiuza. "Ine ndangopitira pepala basi." Ndinangoti chabwino, ndinalibe umboni wowatsutsira.

Umboni unabwera wokha. Kumeneko salumikiza tizitsulo ta geti. Amakupatsa zitsulo ziwiri zochindikala, ulowe nazo m'kachipinda kotchinga ndi katani, uzisoke ndi moto. Ukamaliza amaziika pamakina n'kuzipinda pamsoko pomwepo. Msoko wabwino umapindika osang'aluka. Wa alamu unangoti thyo, ngati bisiketi, m'kati muli timabowo ndi nkhanambo zokhazokha. Anayesanso, chimodzimodzi. Tiana tija misoko yawo inayamba kupindika bwinobwino, madala akungothyola. Geti limangofuna kuti liime, koma thanki imafunika kusunga madzi, ndipo madzi sanyengeka.

Loweruka lina ndinawapeza alamu atakhala pakhomo, ovololo ataipinda bwinobwino ngati yobweza kusitolo. Anati Lolemba akubwerera kukhonde kwawo, kumene anthu amawadziwa kuti ndi mmisiri. Ine zinandipsetsa mtima, ndinalankhula zambiri, zina zosayenera kuuza mlamu wako wamkulu. Achemwali anangodzuka, n'kutenga kansalu kaja kamene kanali katauma gwa pamsomali chiyambire sukulu, n'kukatsukuluza, n'kukapachikanso. Alamu anakayang'ana kansaluko nthawi yaitali. Lolemba anavala ovololo.

Amene anatulukira vutolo anali aphunzitsi awo, mayi wamfupi wosachedwa kupsa mtima, wamng'ono kwa iwo kutalitali. Anatembenuza chitsulo chothyokacho m'manja n'kufunsa kuti, "Bambo, kadziwe kanu kanali kakakulu bwanji?"

"Kadziwe kati, aphunzitsi?"

"Kachitsulo kosungunuka kamene kamakhala pansi pa rodi mukamawotcherera."

Mayiyo anawayang'anitsitsa alamu, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti ana aja asamve: "Kodi m'chisotimo mumakhala mukuyang'ana?"

Sankayang'ana. Chisoti ankavala, inde, chifukwa ndi lamulo, koma rodi ikangoti gwa pachitsulo zikope zinkadzitsekera zokha kuseri kwa galasi lakudalo, monga zinazolowerera kwa zaka zonse zija. Palibe amene ankaona zimenezi, ndipo mwini wakeyo sankadziwa kuti pali choti aone.

"Lero simugwira rodi," anatero aphunzitsiwo. "Valani chisoti, manja kumbuyo, muziona ine ndikuwotcherera. Mukatsinzina munene, tiyambirenso."

Anayambiranso kangapo. Alamu akuti mantha ake anali ngati kuuzidwa kuti uponde pamoto udakali ndi chipsera cha dzulo.

Madzulo ake anabwera kwathu okha, chinthu chimene sachitachita. Sanakhale n'komwe pansi.

"Alamu, pansi pa moto uja pali kadziwe! Kakang'ono ngati chikhadabo ichi, konyezimira, kamatsatira dzanja lako. Ukathamanga kamawonda, ukachedwa kamaboola. Ana anga onse ndawalera ndi kanthu kameneka, koma ndinali ndisanakaonepo."

Misozi inalengeza m'maso mwawo, ndipo ulendo uno sanati ndi mchenga.

Musaganize kuti m'mawa mwake anasanduka katswiri. Khosi linkapotokabe lokha moto ukayaka, dzanja linkathamangabe ngati pali kasitomala amene akudikira basi. Anakhala wotsalira m'kalasi mpaka kumapeto, ndipo zowerenga za m'mabuku anazikhoza chokwawa mothandizidwa ndi mwana wawo wamkazi uja. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Anaphunzira kupuma kaye, kutsitsa chisoti, n'kuyenda ndi kadziwe kaja pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa msoko.

Pa mayeso omaliza chitsulo chawo anachiika pamakina aja. Iwo akuti apo ndiye anafunitsitsa kutsinzina, koma anadziletsa. Chinapindika mpaka nsonga zake kutsala pang'ono kukumana, msoko uli chilili, wopanda mng'alu. Anapempha kuti apite nacho kunyumba.

Panopa amasoka mathanki kukampani ija. Diso lamanzere silinabwerere, chifungacho chinakhazikika, ndipo munthu akawadzera mbali imeneyo amadzidzimuka. Lamanja lilipo, limawerenga nambala ya basi ili patali. Dzina lija silinachoke, anthu a mumsewu wathu sabweza dzina.

Tsiku lina posachedwapa ndinadzera kwawo m'mawa monga kale. Pampando paja panalibe munthu, alamu anali atapita kale kuntchito. Kuseri kwa chitseko, pamsomali uja, panali chitsulo chopindika chija. Mwana wawo wamng'ono ankapukuta tiyi wotayika patebulo, ndipo nditayang'anitsitsa ndinazindikira chimene ankapukutiracho. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuchenjeze asanaziwone.

"Musiyeni apukutire, achimwene," anatero achemwali. "Ndi kasanza chabe kameneko."