Tsiku limene bambo anaimirira m'Nyumba ya Malamulo

Bambo anga anali munthu wa misonkhano. Kwa zaka zambiri anali wapampando wa bungwe la maliro la anthu ochokera ku Malawi kwathu ku lokeshoni ya Glen Norah, m'dziko la anthu olankhula Chishona, ndipo Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse, tikangoweruka ku tchalitchi, pansi pa mtengo wa mapeyala pakhomo pathu pankadzaza azibambo a majekete ndi azimayi a zitenje. Bungwelo linali ndi lamulo limodzi limene bambo sankalola kuti munthu alipinde: nkhani sikambidwa mwini wake palibe. Mlembi akawerenga nkhani, mwini wake ankaimirira, chipewa m'manja, n'kunena kuti, "Mwini nkhani ndilipo." Akapanda kuoneka, kapena akabwera atalawa, nkhaniyo inkadumphidwa, ngakhale atakhala mlamu wawo wa a wapampando. Ine ndinazindikira ndili mtsikana kuti dziko lonse siliyenda chomwecho. Bambo sanazindikire.

Nkhani yawoyawo inali ya chitupa. Anabwera m'dziko muno kuchokera ku Ntcheu ali mnyamata wosamera ndevu, ndipo anagwira ntchito pa fakitale ina ku Willowvale mpaka msana unapindika. Anakwatira kuno, anabereka kuno, mayi athu anawaika m'manda kuno. Koma pa chitupa chawo, chija chachitsulo, panali liwu lachingerezi loti ALIEN, kutanthauza mlendo, munthu wobwera. Kale liwulo silinkawapweteka, chifukwa ankavota ngati wina aliyense. Kenako chaka china anaima pamzere kuyambira m'mamawa, ndipo atafika patebulo, mtsikana wa msinkhu wanga anayang'ana chitupacho n'kuwauza kuti anthu otere salinso m'kaundula. Anabwerera kunyumba chala chili choyera. Tsiku limenelo sanadye.

Malamulo atasintha, ife obadwira kuno tinasinthitsa zitupa zathu. Changa ndinachibisa sabata yathunthu kuopa kuwaonetsa. Iwo akapita ku ofesi ya zitupa ankawauza kuti abweretse kalata ya kubadwa yochokera ku Malawi, ndi ina yosonyeza kuti asiya unzika wa kumeneko. Kalata yake iti? Munthu anabadwira m'nyumba yaudzu, ndipo onse amene anamva kulira kwake koyamba anapita kalekale. Sankafuna munda, sankafuna udindo. Ankangofuna kuti liwu lija lichoke asanafe, avoteko kamodzi. Ndipo tonse tinkaona kuti nthawi yawatsalira pang'ono, chifukwa mtima unkawavuta ndipo miyendo inali itayamba kutupa.

Phungu wa dera lathu anabwera pa maliro ena, monga amachitira aphungu akafuna kuonedwa. Bambo anamugwira dzanja pomupatsa moni, osamutaya mpaka atalonjeza kuti akafunsa nduna nkhani ya nkhalamba zonga iwo. Kunena zoona, munthuyo sananame. Patapita miyezi ingapo anatumiza uthenga pa foni yanga kuti funso lalembedwa pa pepala la zokambirana, ndi la nambala 14, ndipo nduna iyankha Lachitatu likubweralo.

Nditawawerengera uthengawo, bambo anangoti, "Lachitatu tikupita."

"Kupita kuti, bambo? Amaonetsa pa TV. Muonera pompano mutakhala pansi."

"Iwe mwana iwe, unakulira pakhomo pano kapena kwina? Nkhani yanga aikambe ine ndili kunyumba? Akaitana mwini nkhani ayankha ndani?"

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinatengera iwo omwe. Ndinawauza kuti kumeneko si pansi pa mpeyala wathu, kuti palibe amene akuwadziwa, kuti miyendo imeneyo siingawafikitse ngakhale pa siteji ya makombi, maminibasi athu a kuno. Ndinkasoka maovolosi pa fakitale ina ku Workington, ndipo kupempha tsiku kwa folomani wathu kunali ngati kuzula dzino. Zonsezo ndinazikhuthula. Anandilola kuti ndimalize, kenako anati, "Msonkhano ndi msonkhano, mwana wanga. Usite suti ija."

Ndinaisita. Inkawakhwepa m'mapewa ngati yobwereka. Nsapato zinakana kulowa, mpaka ndinachotsa zingwe zonse n'kuwaveka chomwecho. Mu kombi anyamata anawapatsa mpando wakutsogolo akuwaseka kuti sekuru, kutanthauza agogo, akukafunsira mbeta, iwo n'kumasekanso nawo. Anali osangalala tsiku limenelo kuposa mmene ndinawaonera chimwalirireni mayi.

Nthawi imeneyo Nyumba ya Malamulo inali idakali pakati pa tauni, isanasamukire ku nyumba yatsopano ya paphiri kunja kwa tauni. Pachipata wapolisi anatenga zitupa zathu. Changa anangochiyang'ana pang'ono. Cha bambo anachitembenuza, n'kuwayang'ana kumaso, n'kulemba m'buku lake. Malo a anthu odzaonerera anali pamwamba, ndipo pa masitepe tinapuma katatu. Titafika, bambo wina wa yunifomu anatiuza malamulo mofulumira m'Chishona: kuno salankhula, saomba m'manja, saimirira msonkhano uli mkati. Bambo anali akupumira m'mwamba, atatsamira khoma, ndipo ndikukhulupirira kuti sanamve ngakhale liwu limodzi. Ine ndinamva zonse. Sindinawabwerezere, chifukwa ndinali ndidakali wokwiya.

Chipindacho chinali chaching'ono kusiyana ndi mmene chimaonekera pa TV. Aphungu anali atapanikizana pa mabenchi, ena ataima kukhomo. Kenako analowa munthu atasenza ndodo yonyezimira paphewa, Sipikala ali pambuyo pake atavala mkanjo, ndipo onse anaweramitsa mitu. Bambo anandikoda ndi chigongono. "Ukuona? Ayamba ndi pemphero. Anthu odziwa mwambo awa."

Pemphero litatha, Sipikala anayamba kuwerenga maina a nduna zimene zinapepesa kuti sizibwera. Mndandandawo unali wautali. Chingerezi cha bambo chinali cha m'fakitale, ndipo khutu limodzi linagontha ndi makina, choncho iwo ankangogwedeza mutu. Koma ine ndinamva bwinobwino. Nduna yoona za zitupa inali pa mndandandawo. Msonkhano unali usanathe ndi mphindi khumi zomwe, ine ndinali nditadziwa kale kuti tabwera pachabe. Ndinawayang'ana, chipewa chili pamaondo, chitupa chili m'thumba la pamtima. Ndinadziuza kuti mwina wachiwiri wake ayankha, mwina ndunayo itulukira mochedwa. Ndinakhala chete maola awiri.

Anayamba ndi mafunso ongofunsa pomwepo. Wina anafunsa chifukwa chake mbewu ndi fetereza zikufika kwa alimi mvula itagwa kale. Mayi wina anafunsa za madzi m'malokeshoni, kuti mipopi yauma ndipo azimayi akutunga m'zitsime za m'mbali mwa ngalande. Apo bambo anavomereza ndi mutu mwamphamvu, chifukwa mpopi wathu unali utangosanduka chokolekapo matawulo. Panabwera za magetsi, za mankhwala m'zipatala zing'onozing'ono, za maenje m'misewu. Nduna zimene zinalipo zinkayankha kuti boma likudziwa, boma likuyesetsa. A mbali ino akawombera mabenchi, a mbali inayo ankakuwiza. Kenako wina anatcha mnzake wabodza, ndipo panatha nthawi yaitali akukangana ngati abweze mawuwo kapena ayi. Atangothana nazo, wina anaimirira kudandaula kuti tayi ya mnzake ili ndi mtundu wa chipani.

Bambo anandinong'oneza kuti, "Wapampandoyu akuwalekerera. Kwathu ameneyu ndikanamutulutsa kale." Koma sanataye mtima. Kwa iwo phokoso linali la ana, msonkhano weniweni unali kutsogolo.

Nthawi ya mafunso olembedwa itakwana, aphungu ambiri anayamba kutuluka mmodzimmodzi, ena mafoni ali kukhutu. Mabenchi anayamba kuoneka. Sipikala ankaitana manambala, ndipo manambala bambo ankawamva. Ankapinda zala. Funso loyamba linayankhidwa, lachiwiri linayankhidwa, kenako angapo anadumphidwa motsatizana. Zala za manja onse zitatha, anayambiranso. Ndinamva mpweya wawo ukusintha.

Sipikala anaitana nambala 14. Phungu wathu anadzuka pansipo. Ndipo pambali panga bambo anagwira chitsulo cha kutsogolo kwawo, n'kudzikoka mpaka anaima chilili, chipewa m'manja. Ndinawagwira jekete mochedwa. Mawu anatuluka aja a pansi pa mpeyala, omveka mpaka kumsewu.

"Mwini nkhani ndilipo!"

Mitu yonse inatembenukira m'mwamba. Ena anaseka. Wina anakuwa nthabwala imene sindinaimve, anzake n'kuwombera mabenchi. Sipikala anaitanitsa bata. Bambo wa yunifomu uja anafika akuthamanga, akuti, "Sekuru, garai pasi! Garai pasi!" kuwauza kuti akhale pansi. Bambo sanakhale. Kwathu mwini nkhani amaima mpaka nkhani yake ithe. Ali chiimire choncho, pansipo Sipikala ananena kuti nduna palibe, funsolo lidikire sabata yamawa, n'kuitana nambala 15. Zonsezo zinatenga nthawi yochepa kuposa imene ine ndimalowetsera ulusi pa singano.

Anatitulutsa. Sanatikankhe, sanatitukwane, anangotigwira m'mikono mwaulemu ngati anthu odwala misala. Pa masitepe nsapato imodzi ya bambo inavuka, ndipo ndinagwada kuwaveka wapolisi akutidikira. Ndili chigwadire anandifunsa kuti, "Ayankha kuti chiyani?"

"Sanayankhe, bambo. Aidumpha."

Tinatuluka pachipata. Pamenepo anati, "Ndalakwitsa ndine. Kapena ndinafulumira kuimirira. Kapena ndikanayankha m'Chishona."

Ndinawauza kuti si choncho. Ndinawauza kuti nduna sinabwere n'komwe, kuti dzina lake linawerengedwa poyamba penipeni, kuti ine ndinamva koma ndinaopa kuwauza. Ndinalira pamsewu pomwepo, anthu akutidutsa. Anandisisita paphewa ngati wolakwiridwa ndine, koma sanandikhulupirire. Pa moyo wawo wonse anali asanaonepo nkhani ikudumphidwa popanda cholakwa cha mwini wake. "Usawanamizire akuluakulu pofuna kunditonthoza," anatero.

Lamlungu la msonkhano wa bungwe litafika, anatula pansi udindo. Anauza anthu kuti munthu amene watulutsidwa mu msonkhano sangatsogolere msonkhano. Akuluakulu anawachonderera, azimayi ena analira, koma iwo anasuntha mpando wawo n'kukakhala kumbuyo, pafupi ndi mpanda. Chimenechi chimandipweteka kuposa zonse. Ndikanawabwerezera malamulo aja pamwamba paja, ndikanawanong'oneza kuti nduna palibe, bwenzi atabwerera kunyumba okhumudwa chabe, osati amanyazi.

Lachitatu lililonse pambuyo pake ankavala jekete n'kukhala patsogolo pa TV, magetsi akakhalapo. Sanapemphenso kupita. Funso lija linkadumphidwa sabata ndi sabata, ndipo akamva nambala yake ankangoyang'ana pansi. Anamwalira m'nyengo yozizira, m'mawa wina ndikuwatenthetsera madzi osamba. Pokatenga kalata ya imfa ndinapereka chitupa chachitsulo chija, ndipo ndinaona ndi maso anga kalaliki akukopera zonse zimene zinali pamenepo. Bungwe lawo linawaika bwino, pafupi ndi mayi.

Patapita milungu ingapo, Lachitatu lina masana, ndinali pa makina anga ku Workington, kachingwe ka foni kali m'khutu. Chizolowezi chomvera aphungu chinali chitandilowa ngati matenda. Anakangana za mitengo ya zinthu, anakangana za misewu, kenako ndinamva Sipikala akuitana funso la phungu wathu. Tsiku limenelo nduna inalipo. Inayankha kuti boma likuidziwa nkhaniyi ndipo likuiunika, ndipo kuti okhudzidwa apite ku ofesi imene ali nayo pafupi atatenga makalata awo onse. Panalibe wofunsa funso lowonjezera. Anapita pa nambala yotsatira.

Sindikudziwa kuti ndinadzuka nthawi yanji. Ndinangozindikira kuti ndaima, mwendo wa ovolosi uli pansi pa singano, makina a anzanga akulira mbali zonse. Folomani anabwera n'kundifunsa ngati ndadwala. Ndinapukusa mutu. Sindikanatha kumufotokozera kuti nkhani ya bambo anga aikamba mwini wake palibe.