Kapiteni Anafera Shuga Wanga

Tsiku limenelo pamunda panali anthu awa. Panali Nyagondwe, mayi wamasiye, mwini munda. Panali mpongozi wake Tusekile, amene anabweretsa chakudya. Panali Mwalwimba wa munda woyandikana, munthu amene takhala tikupikisana naye pa ntchito ya ng'ombe kuyambira tili anyamata, ali ndi mphwake. Mwana wanga Lusekelo anafika mochedwa, zinthu zitawonongeka kale. Ndiye panali ine, ndi ng'ombe zanga ziwiri, Kapiteni ndi Sajeni. Ndatchula ng'ombe pamodzi ndi anthu mwadala, chifukwa mwa tonsefe amene sanabwerere kwawo ndi Kapiteni.

Ine sukulu ndinalekera sitandade 2, ndipo Chichewa ndinachitola pamsika ndi kutchalitchi. Koma za pulawo, palibe mphunzitsi angandiuze kanthu kuno ku Kaporo. Ntchitoyi inandipeza chifukwa cha mawu. Ndili mnyamata ndinaitana mnzanga amene anali kutsidya kwa dambo, amalume anga n'kumva ali m'nyumba. Anatuluka nati, "Mawu awa ukuwataya pa anthu. Bwera mawa, uwayese pa ng'ombe." Wolima wawo anali atapita ku Tanzania osabwerera. M'mawa mwake ndinagwira pulawo, ndipo sindinaisiye mpaka imvi.

Amene simudziwa ntchitoyi, mverani. Goli umaika pakhosi pa ng'ombe ziwiri, n'kutsekera ndi zikeyi ndi zingwe. Tcheni imachoka pakati pa goli n'kukakola pulawo. Kutsogolo kwa pulawo kuli kagudumu, ndiko kamene kamalamula kuya kwa khasu, ndipo umakakweza kapena kukatsitsa ndi sipanala. Ng'ombe ya kumanja imayenda mumzere, ndiye iyenera kukhala yanzeru. Kapiteni anali wa kumanja. Chinthu chachikulu chili pokhota. Ukafika kumapeto kwa munda umapendeketsa pulawo kuti khasu lituluke m'dothi, n'kuikokera kumbuyo kuti tcheni ikhale yokungika. Amalume anandiuza kamodzi kokha: "Tcheni ikakhwepa pokhota, khasu limafuna mwendo wa ng'ombe." Zaka zonsezo, kufikira tsiku limenelo, sindinadulepo ng'ombe ngakhale kachilonda.

Anzanga amalima awiri, wina pa pulawo, wina ndi mkwapulo. Ine ndinkalima ndekha. Mkwapulo wanga unali pakamwa. Ndikati "Mzere, Kapiteni!" ankalowa mumzere. Ndikati "Khota!" ankakhota, Sajeni n'kutsatira. Anthu a kutali ankadziwa kuti lero ndikulima munda wa uje chifukwa cha mawu basi.

Tsono kuno kuli mwambo. Mwini munda amadyetsa wolima, ndipo samudyetsa mwamasewera. Dzuwa likakwera kumabwera tiyi wa mkaka, shuga mpaka supuni kuima. Kumabwera chindongwa, thobwa lathu lotsekemera lija. Kumabwera mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, kapena mpunga wa Kilombero wodzadza beseni. Ndipo anthu amayang'ana kadyedwe kako. Wolima wodya pang'ono amati watha mphamvu, chaka chamawa samuitana. Ine beseni ndinkalimaliza n'kufunsa ngati m'phika mwatsala zina. Dzina langa linali pa zinthu ziwiri, mawu ndi mimba.

Matenda anayamba ndi ludzu. Madzi ndinkamwa ngati ng'ombe, kukodza kosalekeza, thupi kutha, lamba kusowa bowo. Mkazi wanga Nyakaonga anandikokera kuchipatala. Namwino anali mtsikana wa ku Ntcheu. Anandibaya chala, kadontho ka magazi n'kuika pa kamakina, kenako anati, "Agogo, muli ndi matenda a shuga."

Ndinaseka mpaka odwala a panja anasuzumira. Ndinati, "Mwana wanga, amenewo ndi matenda a mabwana a mu ofesi. Ine ndimayenda kumbuyo kwa ng'ombe."

Mtsikanayo sanakwiye. Anafotokoza zambiri: mpunga pang'ono, masamba ambiri, nyemba, nsomba, tiyi wopanda shuga, chindongwa ayi. Anandipatsa mapiritsi. Ananenanso zina, koma ine ndinali nditayamba kale kumuuza za Kapiteni ndi Sajeni. Tili m'njira Nyakaonga anati, "Mwamva zimene ananena? Piritsi limodzi, ndipo musamwe popanda kudya. Mukamva kunjenjemera ndi thukuta, ndiye kuti shuga watsika kwambiri, mudye msanga chotsekemera."

Ndinaima pamsewu. Ndinati, "Iwe mkazi, munthu wodwala shuga n'kudyanso shuga? Unamva ndi khutu liti?" Ndipo ndinamulamula kuti asauze munthu aliyense, ngakhale ana. Ndinkaona kale nkhope ya Mwalwimba akumva kuti ine, ine, ndaletsedwa mpunga.

Miyezi yotsatira ndinamuzunza mkazi wanga. Ankandipimira mpunga m'kambale, kuzungulira ndi chisoso ndi nyemba, ine n'kukankha mbale kuti kodi ndine mwana wa sukulu. Tiyi wopanda shuga ndinkamutcha madzi otsukira makapu. Koma pang'onopang'ono ludzu linachepa, maso anayera, ndipo mumtima ndinavomera kuti mtsikana uja sananame. Pakamwa pokha ndi pamene sindinavomere.

Mvula itagwa ntchito inayamba, ndipo vuto linali chakudya cha kumunda. Masiku oyamba ndinadya monga kale kuti anthu asadabwe. Madzulo ake mutu unkalemera, ludzu n'kubwerera. Ndiye ndinapeza nzeru yanga, nzeru ya chitsiru: kumunda sindidyanso kanthu, ndizingoti ndadya kale kunyumba. Kudya pang'ono pamaso pa anthu kunali kundichititsa manyazi kuposa kusadya n'komwe.

Tsiku la munda wa Nyagondwe ndinadzuka m'mamawa. Nyakaonga anaphika phala la mgaiwa lopanda shuga. Ndinalawa supuni imodzi n'kulisiya. Kenako ndinaganiza chonchi: mundawu ndi waukulu, dothi lake ndi lolemera, lero pafunika mphamvu. Ndinamwa mapiritsi awiri m'malo mwa limodzi. Ndinkaona ngati mankhwala ali ngati mafuta a injini, ntchito ikakula uwonjezere. Mkazi wanga anaona, anatsegula pakamwa, ine n'kumuyang'ana, iye n'kutseka.

Mizere yoyamba inapita bwino. Dothi linali lofewa, khasu ndinali nditalinola dzulo lake. Mwalwimba ankalima munda wake ndi mphwake, ndipo tinkaponyerana mawu monga mwa masiku onse.

"Mkulu, wawondatu iwe!" anakuwa. "Nyakaonga wasiya kuphika, kapena wapeza wina womuphikira?"

"Ndikuchepetsa thupi kuti ng'ombe zako zisachite manyazi!" ndinayankha. "Taona mzere wakowo, ngati njoka yadutsa!"

Dzuwa litakwera Tusekile anafika ndi chidebe cha chindongwa pamutu ndi beseni la mbalagha. Nyagondwe anayala chitenje pansi pa mtengo wa mango n'kundiitana. Fungo lija linandilowa mpaka m'mawondo. Ndinathokoza m'chilankhulo chathu, "Ndaga, mayi, ndadya kale."

"Mwadya kale? Inu?" anatero Nyagondwe. "Kodi chakudya cha mayi wamasiye chimanunkha? Malemu mwamuna wanga ali moyo munkanyambita beseni."

Mawu amenewo anandipweteka, chifukwa mwamuna wake anali mnzanga. Apa ndi pamene ndikanati, mayi, sindikunyoza, ndili ndi shuga, ndipatseni nthochi ziwiri ndi nyama basi. Koma Mwalwimba anali atayandikira kale, akusamba m'manja, makutu ali tcheru. Ndinati ndikufuna kumaliza dzuwa lisanatenthe, n'kubwerera ku pulawo.

Sindinalime mizere yambiri. Poyamba manja anayamba kunjenjemera pa zogwirira. Kenako thukuta lozizira, osati la ntchito, lina ndithu. Mtima unkagunda ngati ndathamanga. Mzere ndinkauona pawiri. Tusekile anaona kuti ndikudzandira, anathamanga ndi kapu ya chindongwa. "Baba, imwani ngakhale iyi yokha, nkhope yanu yasintha."

Mverani bwino inu amene muli ndi matendawa. Kapu imeneyo inali mankhwala anga. Inali pamphuno panga penipeni. Ine ndinaikankha, chindongwa n'kutayikira pa chitenje chake. M'mutu mwanga ndinkati shuga wakwera, chotsekemera chindimaliza. Ndinamukalipira mwana wa eni ake, mawu amene sindingawalembe pano.

Tinali pafupi ndi kumapeto kwa mzere. Ndinafuna kunena kuti "Ima!" koma lilime linalemera, chimene chinatuluka sindikuchidziwa. Ndinamva Mwalwimba akuseka, "Waledzera m'mawa uno! N'chifukwa chake akukana chakudya!" Kenako miyendo inatha. Ndinagwa chammbali m'matope, manja n'kusiya pulawo.

Zotsatirazi ndinauzidwa. Kapiteni atafika kumapeto anachita zimene ndinamuphunzitsa zaka zonse, anakhota yekha. Koma kumbuyo kunalibe munthu wopendeketsa pulawo. Tcheni inakhwepa. Azimayi anakuwa poona ndagwa, Sajeni anadzidzimuka n'kudumpha, pulawo inatembenuka, khasu lija ndinalinola ndekha linapeza mwendo wakumbuyo wa Kapiteni n'kudula mtsempha waukulu.

Anthu anandikokera pamthunzi, osadziwa chochita. Nyagondwe ankandinunkhiza pakamwa kufuna fungo la kachasu. Pamenepo ndi pamene Lusekelo anafika pa njinga, wefuwefu, shuga ali m'kapepala. Mayi ake anali ataphwanya lamulo langa. Nditangochoka m'mawa, mtima wawo sunakhale m'malo, anayenda mpaka kunyumba kwa mwanayo n'kumuuza zonse, za matenda, za phala, za mapiritsi awiri. Lusekelo anandipaka shuga m'kamwa ndi chala chake, ine bambo wake, pamaso pa anthu. Nditayamba kumeza anandimwetsa chindongwa chomwe chija ndinakana.

Maso atatseguka, chinthu choyamba kuona chinali Kapiteni. Anali ataima ndi miyendo itatu, wachinayi ukulendewera, magazi akutsikira m'matope. Sankalira. Ankangondiyang'ana, kudikira kuti ndinene chochita. Mwalwimba, amene ankaseka uja, ndi amene anali atamumasula goli n'kumanga mwendowo ndi malaya ake. Sanandinyoze. Anangoti, "Mkulu, ukananenatu. Mlongo wanga ali nawo matendawa, amayenda ndi maswiti m'thumba."

Alangizi a ziweto atabwera anagwira mwendowo n'kupukusa mutu. Anati ng'ombe yoduka mtsempha umenewo siimanso pagoli, ndipo kuisunga n'kuizunza. Anaipha masana omwewo, ine ndili pa njinga kupita kuchipatala. Sindinatsanzike. Nyama yake sindinaione, ndipo ndinauza a kunyumba kuti isalowe m'nyumba mwanga. Munda wa Nyagondwe anamaliza ndi Mwalwimba.

Namwino uja sanandikalipire ngakhale ndinayenera kukalipiridwa. Anabwereza zonse zimene ananena tsiku loyamba, ndipo ulendo uno ndinatseka pakamwa. Kunali koyamba m'moyo wanga kumvetsera munthu mpaka amalize.

Lero ndimadya monga ananenera. M'mawa phala la mgaiwa lopanda shuga, ndimalimaliza ndisanamwe piritsi, limodzi basi. Mpunga ndimadya wochepa ngati chibakera changa, masamba ndi nyemba kapena usipa n'kudzadza mbale. Mbalagha ndimatenga nthochi ziwiri n'kusiya. Tiyi ndinazolowera, ngakhale sindinganame kuti amakoma. M'thumba la malaya muli maswiti atatu nthawi zonse, ndipo aliyense amene ndikugwira naye ntchito amadziwa thumba lake. Ndikafika pamunda wa munthu ndimanena ndisanamange goli kuti ndili ndi shuga, mundiikire pang'ono. Palibe amene anasekapo. Ichi ndi chimene chimandiwawa kwambiri, kuti palibe ngakhale mmodzi. Tusekile ndinakamupepesa ndi nkhuku. Nyakaonga sindikudziwa kuti ndingamupepese ndi chiyani.

Sajeni tinamuphatikiza ndi ng'ombe ina yaing'ono, koma mumzere sayenda bwino, anazolowera kutsatira. Tsopano pa pulawo pamakhala Lusekelo, ine ndimayenda pambali ndi mkwapulo ngati wina aliyense. Nthawi zina pokhota ndimaiwala n'kukuwa kuti "Khota, Kapiteni!" Mwana wanga amachita ngati sanamve.

Iye wandilankhula za tsikuli kamodzi kokha. Tinali kuchokera kuchipatala, akundikankha pa njinga pokwera kamtunda, chifukwa ndinalibe mphamvu zotsika. Sanandiyang'ane. Anati:

"Tata, mawu anu amamveka mpaka kutsidya kwa dambo, ng'ombe zimamva, anthu a midzi itatu amamva. Koma kuuza mayi amene waima pambali panu ndi kapu m'manja kuti mukudwala, pamenepo mawu anakutherani. Kapiteni anakumverani mpaka mzere womaliza. Inu munamvera ndani?"