Bawuti Lomwe Linakana Kumasuka

Bambo a Asiyatu, lero ndadutsa m'magalaja a ku Biwi, ndipo kulira kwa hamala kwandiimitsa pakati pa njira. Ndakumbukira masana aja kuseri kwa nyumba yathu ku Chinsapo, Asiyatu akadali ku pulayimale, inu mukulimbana ndi thalakitala yakale ija munagula ku esiteti, imene dalaivala wake anafera pansi pake. Mabawuti a madigadi, chitsulo chija chophimba tayala, anali atadyedwa ndi dzimbiri. Munathira palafini, ine nditakugwirirani sipanala, koma limodzi linakaniratu. Munalimenya ndi hamala katatu. Mutangotsitsa hamalayo, china chake chinagogoda katatunso m'kati mwa chitsulomo. "Mayi a Asiyatu, mwamva?" munandifunsa. Ndinati ndamva. Munavula chipewa n'kunena motsitsa mawu kuti, "Odi achimwene, ife tikungokonza." Bawuti lija linamasuka ndi zala zokha.

Mvula isanagwe chaka chomwecho tinakuikani m'manda. Thalakitala ikadali pomwe munaisiya, zidzukulu zanu zimaseweramo. Ine sindinaigogodepo ngakhale kamodzi. Ndimaopa kuti mungayankhe, komanso sindikudziwa kuti ndingatani mutapanda kuyankha.